Ulusi Wofiira M'kati mwa Mpendero

Pa mzere wa mashopu a kuseri kwa siteji ya basi, Telala ndi Mlembi anali oyandikana zitseko. Khoma lowalekanitsa linali la matabwa, lopyapyala moti wina akayetsemula mnzake ankayankha kuti pepani. Telala ankasoka zovala. Mlembi ankapanga fotokope ndi kutaipira anthu makalata ofunsira ntchito. Onse anali amayi a zaka za m'ma fote, onse opanda bambo pakhomo, ndipo kwa zaka zisanu ndi zinayi ankamwera tiyi m'fulasiki imodzi.

Dzina lakuti Mlembi silinachokere ku makalata aja ayi. Linachokera ku bulogu yake, tsamba la pa intaneti lotchedwa Pakhonde Pathu, pamene mayiyu ankaikapo nkhani imodzi m'mawa uliwonse sikisi koloko ikangokwana. Zaka zinayi osadumphitsa tsiku, ndipo ankanyadira zimenezi kuposa mmene ena amanyadirira ana. Tsiku limene anamuzula dzino, analemba za dzinolo tsaya lili chotupa. Tsiku limene mbava zinathyola shopu yake, apolisi anafika iye atajambula kale loko wothyokayo.

Anthu a pa mzerewo ankamuopa pang'ono, ngati mmene timaopera munthu wonyamula penti mu basi yodzaza. Koma iye anali ndi lamulo lake limene ankalibwereza kwa aliyense.

"Ine sindiba nkhani za anthu," ankatero. "Ndimangoziveka zovala zina. Dzina ndisintha, ntchito ndisintha, malo ndisintha. Koma kanthu kakang'ono kaja, kamene munthu sangapeke pa yekha, ndimakasiya momwemo. Popanda kameneko nkhani siipuma."

Telala ankaseka nazo, poti nthawi imeneyo ovekedwa zovalawo anali anthu ena. Wometa wa pakona anasanduka wokonza mawotchi, koma chizolowezi chake chonunkhiza ndolo za makasitomala chinatsala, ndipo mzere wonse unamuzindikira. Bamboyo anakwiya sabata imodzi, kenako anayamba kuonetsa nkhaniyo kwa aliyense womukhalira pampando.

Wowerenga wamkulu wa Pakhonde Pathu anali m'nyumba mwa Telala momwe. Anali mwana wake mmodzi yekhayo, mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu amene aliyense ankamutcha Kabatani, chifukwa ali wakhanda anameza batani la malaya n'kusowetsa anthu mtendere masiku awiri. Foni yake inkalira kuti ting'i sikisi koloko iliyonse. Ankawerengera amayi ake nkhani ya Anti, monga ankamutchulira Mlembi, mokweza iwo akutsira tiyi, kenako n'kuthamangira kulemba ndemanga kuti akhale woyamba. Akachedwa wina n'kumupitirira, tsiku lonse ankakhala ngati wamwa mankhwala owawa.

Tsopano Kabatani anali atasankhidwa kupita ku koleji. Ankanyamuka Lamulungu. Ndipo Telala anali ndi mawu amene anawameza zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu, amene analumbira kuti awalavula Loweruka, mwanayo asanakwere basi. Ankafuna awamve kuchokera pakamwa pake, m'nyumba mwawo, chitseko chili chitsekere. China chilichonse pa dziko lino akanalolera, koma chimenechi ayi.

Vuto n'lakuti Telala anali munthu wa manja, osati wa mawu. Lachiwiri masana magetsi atazima, makina a fotokope ali zii, anagogoda pa khoma la matabwa lija.

"Asisi, tabwerani. Mutseke chitseko."

Mlembi analowa ndi fulasiki, nakhala pa mulu wa nsalu. Telala anatulutsa kachitini ka mabisiketi pansi pa makina osokera. M'katimo munali kansalu kofewa ka mwana, kosuluka, kopendedwa pamanja. Anatembenuza mpendero wake, naonetsa timfundo titatu ta ulusi wofiira m'kati mwake.

"Kabatani sindinamubereke ine," anatero.

Anafotokoza maso ali pa kansaluko. Kale, asanasamukire ku mzere uno, kunabwera mtsikana wodzaphunzira kusoka. Analibe abale oti n'kuwatchula, ndipo anabwera ali kale ndi pakati. Ophunzira analipo atatu, ndiye aliyense ankaika chizindikiro chake m'kati mwa chovala kuti ntchito yokhota idziwike mwini wake. Cha mtsikanayu chinali timfundo titatu tofiira. Mwana atakwanitsa miyezi iwiri, anamugoneka pa tebulo lodulirapo nsalu, nati akukagula singano. Singanoyo mpaka lero. Patapita zaka ziwiri kunamveka kuti anamwalira kutali.

"Ndiye chovala chilichonse chimene ndamusokera mwanayu, ndimaikamo timfundo timeneti," anatero Telala. "Kuyambira thewera mpaka yunifolomu. Iye amadziwa kuti n'chizindikiro choti zovala zisasokonekere pa chingwe. Koma ine ndimati, mayi ake asasowe pa thupi lake."

Mlembi analira. Tinene zoona, analira misozi yeniyeni, mpaka kupukuta mphuno ndi chidutswa cha nsalu ya kasitomala.

"Chimene ndakuitanirani n'chakuti mundipatse poyambira," anatero Telala. "Inu mawu mumawadziwa. Ine ndikangoti mwanangu, lilime limauma."

Anayesa mawu awa, nayesa awo, mpaka anapeza oyenera: Mwanangu, anakunyamula anthu awiri, wina m'mimba, wina kumsana. Telala anawabwereza kasanu, ngati mwana wokonzekera mayeso.

"Koma asisi, izi si za pakhonde panu paja."

"Aa, inunso," anatero Mlembi atagwira pachifuwa. "Mukundiyesa ndani?"

Lachinayi m'mawa foni inalira kuti ting'i kuchipinda, monga mwa masiku onse. Telala anatsira tiyi m'makapu awiri, nadikira. Kabatani sanatuluke. Atatuluka, patapita nthawi ndithu, anali atavala kale zapaulendo.

"Lero Anti alemba zotani?"

"Bandulo yatha," anayankha mtsikanayo akumanga nsapato, nkhope ili pansi. "Ndikukajambulitsa zithunzi za ku koleji. Ndapita."

Tiyi sanamwe. Telala anangoti ndi mantha a ulendo, mwana sanagonepo kutali. Anachotsa makapuwo napita ku shopu kukamaliza diresi lobiriwira limene ankamusokera loti akavale tsiku lofika.

Cha m'ma naini kunabwera namwino wina, kasitomala wakale, kudzachepetsa yunifolomu. Anaima pakati pa shopu, dzanja limodzi m'mwamba, lina lili pa foni, Telala atagwada pansi mapini ali kukamwa.

"Mwawerenga za anzanuwa lero? Koma ndiye atiliza pa wodi ponse," anatero namwinoyo. "Tamvani. 'Mwanangu, anakunyamula anthu awiri, wina m'mimba, wina kumsana. Awa ndi mawu amene mayi wina woluka tsitsi akukonzekera kuuza mnyamata wake sabata ino.'"

Telala sanameze mapiniwo chifukwa cha chisomo basi. Anawalavulira m'dzanja limodzilimodzi, namwino akupitiriza kuwerenga. Zonse zinalimo. Telala anasanduka woluka tsitsi, Kabatani anasanduka mnyamata wopita ku usilikali, singano inasanduka chipeso. Koma timfundo titatu m'kati mwa mpendero wa chovala chilichonse tinalipo. Anangotisintha mtundu, n'kukhala tabuluu.

"Woluka tsitsi wosoka zovala za mwana zaka zonsezo, ndiye mayi wolimbikira," anatero namwino. "Mwatani kodi? Mwadzibaya?"

"Mubwere mawa," anatero Telala.

Kuchokera pa chitseko chake kufika pa cha Mlembi panali mapazi anayi. Anapeza makina a fotokope akulavula mapepala, Mlembi ali pa kompyuta, nkhope yowala ngati wapambana mpikisano. Kuwala kumeneko ndi kumene kunamubaya Telala kuposa nkhaniyo. Kunazima atangomuona, koma anali atakuona kale.

"Asisi, khalani pansi ndikufotokozereni."

"Munagwira pachifuwa."

"Ndasintha zonse. Palibe angadziwe. Ndaika mnyamata, ndaika saluni, ngakhale ulusi ndasintha."

"Mwana wanga amakuwerengani asanasukusule."

"Kabatani sangaganize zimenezo. Wabuluu ndi wofiira n'zosiyana." Mlembi ankalankhula mothamanga, manja akusanja mapepala osanjidwa kale. "Ndimvetseni. Dzulo ndinakhala pano mpaka nthawi yotseka, mutu uli mbee. Ndinayesa za mitengo ya sopo, ndinayesa za makondakitala, zonse ndinalemba kale kawiri kawiri. Owerenga akhala akuchepa chaka chonse chino. Ndipo nkhani yanu inali ikungozungulira m'mutu, yokhayokha, yathunthu. Ndinati ndingoilemba kuti ichoke, sindiitulutsa. Ndiye itatha, inali yabwino kwambiri, asisi. Sindinalembepo yotere."

"Inali yabwino."

"Ndinaganizanso kuti ikuthandizani. Taonani zimene anthu akunena. Akukutamandani."

Anatembenuza kompyuta. Telala sanafune kuyang'ana, koma maso alibe mpanda. Owerenga anali atadutsa zikwi zinayi. Pansi pake panali ndemanga, mzere wautali wa anthu osawadziwa, aliyense ndi chigamulo chake. Wina anati mayiyu ndi mngelo. Wina anati mngelo wanji wonamiza mwana zaka zonsezi. Wina anati akanapita naye kupolisi, kumeneko n'kuba mwana. Wina anati asamuuze n'komwe, anyamata amadzipweteka. Winanso, wa chithunzi cha galimoto, anangoikapo tinkhope toseka titatu. Anthu amene sanachapepo thewera lake ngakhale limodzi anali atakhala bwalo pa mwana wake, tiyi ali m'manja.

Telala anamva manyazi ngati amuvula pa siteji ya basi. Anamvanso ukali, wa mtundu umene sutulutsa mawu okweza.

"Fufutani."

"Ndifufuta. Koma mudziwe kuti ena aijambula kale, ikuyenda m'magulu a pa foni. Komanso ndikaichotsa anthu ayamba kufunsa, ndiye bwenzi..."

"Fufutani ndikuona."

Mlembi anagwira mbewa ya kompyuta, natsitsa tsambalo kufuna pofufutira. Kenako dzanja lake linaima. Anayesa kudutsapo msanga, koma Telala anamugwira pamkono. Pakati pa ndemangazo panali kachithunzi kamene ankakadziwa, ka mtsikana wovala kolala imene iye mwini anaisoka. Lero sanali woyamba. Analemba sikisi koloko itadutsa ndi mphindi makumi anayi, nthawi imene tiyi ankazizira pa tebulo.

"Anti, ulusiwo si wabuluu. Ndi wofiira."

Pansi pake anthu anali ataunjikana ngati ntchentche. Wadziwa bwanji? Kodi ndiwe? Ndiye si mnyamata? Anti tiuzeni zoona. Anthu mazana awiri anali atadina kamtima pa mawu a mwanayo.

"Munaiona nthawi yanji imeneyi?" anafunsa Telala.

Mlembi anatembenukira ku mapepala ake aja.

"Ndikufunsa. Munaiona nthawi yanji?"

"M'mawa," anatero motsitsa. "Ndimafuna ndikuuzeni. Ndimasowa poyambira."

"Inu kusowa poyambira."

"Pepani, asisi. Ndalakwa."

"Pepani sapoletsa chilonda," anatero Telala. Anatenga fulasiki yake imene inali pa shelefu ya mapepala, natuluka nayo. Kunali kupusa kuganiza za fulasiki nthawi ngati imeneyo, koma sanafune kuti chinthu chake china chitsale m'chipinda chimenecho.

Anaimba foni ya Kabatani kanayi, osayankhidwa. Anatseka shopu dzuwa lili paliwombo, chinthu chimene sanachitepo, natenga kachitini kaja ndi diresi lobiriwira losamalizidwa. Mu basi anayesa kumuda Mlembi yekha, koma chidanicho chinkabwerera kwa iye mwini. Zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu anali ndi mwanayo m'nyumba, m'mawa ndi madzulo. Akafika sitandade faifi ndimuuza. Akatha mayeso ndimuuza. Akakula pang'ono. Zengerezu analinda kwawukwawu, ndipo iye analinda mpaka anakapereka mawuwo kwa munthu amene sagona ndi nkhani m'mimba.

Chitseko cha nyumba chinali chosakhoma. Kabatani anali kuchipinda, atakhala pansi pafupi ndi sutikesi yotsegula. Zithunzi sanakajambulitse. Zovala zake zonse zinali pa bedi, zotembenuzidwa kunja kukhala m'kati: masiketi, mabulauzi, yunifolomu yakale, ngakhale kadiresi kachikasu ka ali ndi zaka zisanu kamene ankakana kuti kapatsidwe kwa ena. M'dzanja anali ndi lezala. Pambali pake panali sosala, ndipo m'sosalamo munali timaulusi tofiira, tatifupitifupi, tambirimbiri. Ankadula bwino, osaboola nsalu, monga Telala anamuphunzitsira.

Sanadzuke kudzalandira katundu. Sananene kuti mwabwera, Amayi.

Telala anakhala pa mphepete mwa bedi, kachitini kali pamiyendo. Anafunafuna mawu, napeza okhawo amene anawaloweza.

"Mwanangu, anakunyamula anthu awiri..."

"Wina m'mimba, wina kumsana," anamaliza Kabatani, osakweza mutu. "Ndawerenga. Anthu aikonda kwambiri mfundo imeneyo. Wina wati aiika pa sitetasi."

Telala anatseka pakamwa. Analibenso ena.

"Ndimati ndikuuze Loweruka," anatero patapita nthawi.

"Zalembedwanso zimenezo." Mtsikanayo anasolola kaulusi kena, nakaika m'sosala. "Mukudziwa chimene ndinachita? Ndinawerenga mpaka pakati ndikumumvera chisoni mnyamatayo. Ndinali nditayamba kale kulemba ndemanga. Ndimati ndilembe kuti koma mayi ameneyu, bwanji osamuuza mwana kalekale. Kenako ndinafika pa timfundo. Ndinatembenuza siketi imene ndinavala."

"Sindinamutume. Ndinamupempha kuti..."

"Ndikudziwa kuti simunawatume. Anti ndi choncho, tonse timawadziwa. Amalemba za dzino lawo lomwe." "Ine ndikudabwa inu. Anti amandiuza nkhani tsiku lililonse. Inu munali ndi imodzi yokha yoti mundiuze. Imodzi. Ndiye munakayamba kuuza iwo."

"Ndimaopa."

"Mumaopa ine, osaopa Anti?"

Telala anatsegula kachitini, natulutsa kansalu kaja, nakapereka ndi manja awiri. Kabatani anakayang'ana nthawi yaitali asanakalandire. Anatembenuza mpendero, napeza timfundo titatu, tokhota pang'ono, ta dzanja la wophunzira. Anatisisita ndi chala. Lezala anaiika pansi.

"Anali wamtali ngati ine?"

"Wamfupi. Koma mapewa ndi omwewo. Ankaimba akamadula nsalu, n'chifukwa chake ankakhotetsa."

"Zimenezo Anti sanalembe."

"Sindinawauze."

Kabatani anagwedeza mutu. Anapinda kansaluko naika pansi penipeni pa sutikesi, kenako anayamba kutembenuza zovala zija n'kumazipinda pamwamba pake, chimodzichimodzi. Telala anatambasula dzanja kuti athandize. Mtsikanayo anasunthira muluwo mbali yake, mwaulemu, ngati mmene munthu amakanira thandizo la mlendo.

Lachisanu m'mawa Telala anakhala pa tebulo la pabalaza, diresi lobiriwira lili pamiyendo. Linangotsala mpendero. Tiyi anali m'makapu awiri. Kabatani anatuluka nakhala mbali inayo, ndipo kapu yake anaigwira, ngakhale sanamwe.

Sikisi koloko itakwana, foni inalira kuti ting'i.

Onse awiri anaiyang'ana. Kabatani anaitembenuza, nawerenga mutu wokha, ndi mawu opanda mchere.

"'Tsiku Limene Ndinalakwira Mnzanga Wapamtima.'" Anatsitsa pang'ono ndi chala. "Ndemanga zafika kale makumi atatu. Akuti Anti ndi olimba mtima povomera kulakwa."

Anazimitsa foniyo naiika chafufumimba. Zaka zinayi ndi tsiku limodzi, osadumphitsa.

Telala anapinda mpendero, naubaya mapini. Kenako dzanja lake, lokha, mwa chizolowezi cha zaka zonsezi, linapita m'kabokosi ka ulusi n'kutulutsa wofiira. Anali atanyowetsa kale nsonga yake ndi malovu pamene anazindikira kuti mwanayo akumuyang'ana.

"Musaikemo," anatero Kabatani.

"Ndi ta mayi ako."

"Ta mayi anga tili m'sutikesi. Tinato tinali tanu, toti muzindiuza zoona ine osamva."

Telala anagwira ulusiwo kanthawi. Anadikira kuti mwina pamapeto pa mawuwo pabwera liwu lija lakuti Amayi, limene analimva tsiku lililonse chiyambire mwanayo kulankhula. Silinabwere. Anabweza wofiirawo m'kabokosi, nasankha wobiriwira wofanana ndi nsalu. Anapenda diresilo bwinobwino, mzere wowongoka, m'kati moyera mopanda chizindikiro, monga amachitira ndi zovala za makasitomala.